Kachipu ka TPM: mlonda ameneyu adamulemba ntchito ndani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Zomba: "Ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Laputopu yanga ndidagula yakale, za ku UK zija, ndipo ili ndi Windows 10. Ikukana Windows 11 chifukwa cha chinthu china chotchedwa TPM 2.0. Mnyamata wokonza makompyuta akuti atha kuchiyatsa mu BIOS. Koma mwana wa achimwene anga, amene ali ku koleji, akuti ndisalole. Akuti kachipangizo kameneka adakapanga makampani kuti azilamulira zimene munthu akuchita pa kompyuta yake, kuti nyimbo ndi mafilimu osagula zisamaseweredwe, ndipo tsiku lina atha kutseka kompyuta yonse iwo ali kwawo ku America. Ndimvere ndani?"

Mayi, muloleni mnyamatayo ayatse. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngati pali kasitomala amene akudikira CV yake pakauntala musachite kuwerenga mpaka pansi. Koma asanakhudze BIOS, pulogalamu yoyambirira ya pa bolodi imene imadzutsa kompyuta, pali manambala 48 amene muyenera kudziwa kumene ali, ndipo ndifikapo. Mwana wanuyonso musamuyese wabodza. Zimene akunenazo sanazipeke. Ndi nkhani imene akatswiri a makompyuta akhala akukokanakokana kuyambira mu 2002, ndipo mbali ina ya mantha akewo idachitikadi. Kungoti idachitikira m'foni imene ili m'chikwama mwanumo kuposa mu laputopu.

TPM ndi chidule cha dzina la Chingerezi lakuti Trusted Platform Module. M'makompyuta ena ndi kachipu kakang'ono ngati chikhadabo, komatidwa pa bolodi lalikulu, kopangidwa ndi makampani monga Infineon, Nuvoton kapena STMicroelectronics. M'makompyuta ambiri atsopanoko mulibe kachipu kapadera, ntchitoyo imagwiridwa m'kati mwa purosesa momwemo. A Intel amati PTT, a AMD amati fTPM. N'chifukwa chake mnyamatayo akunena za kuyatsa: kawirikawiri chinthucho chimakhala chilimo kale, kungoti chidazimitsidwa. Kachipu kameneka n'kofooka ndithu. Kalibe njira yakeyake yopitira pa intaneti, sikaona zimene zili pa sikirini, sikamva nyimbo, sikangazimitse pulogalamu iliyonse. Kamangokhala phee mpaka pulogalamu ina itakapempha kanthu. Ntchito zake ndi kusunga makiyi, kulemba kaundula wa mmene kompyuta yadzukira, ndi kuchitira umboni. Ziwiri zoyambazo ndizo zikuthandizeni inu. Yachitatu ndiyo pagona mkangano wonse.

Kaundulayo amayenda chonchi. Mukadina batani loyatsira, pulogalamu yoyambirira ya pa bolodi imayamba yayeza pulogalamu yotsatira isanaipatse mpata, n'kutumiza muyesowo ku TPM. Yotsatirayo imayezanso yobwera pambuyo pake, mpaka Windows itadzuka. Muyeso ndikunenawu ndi nambala yaitali yowerengedwa kuchokera ku pulogalamu yonseyo, moti mutasinthamo kadontho kamodzi kokha nambalayo imasinthiratu. TPM imasunga miyesoyi ngati mfundo pa chingwe. Mutha kuwonjezera mfundo ina pamwamba, koma imene yamangidwa kale simungaimasule, pokhapokha mutazimitsa kompyuta n'kuyambiranso chingwe china. Ndiye Windows imatenga kiyi yotsekulira hard disk yanu n'kusungitsa kwa TPM, ndi lamulo limodzi: usatulutse kiyi imeneyi ngati mfundo za pachingwe sizili zomwe zija za masiku onse. Pulogalamu imene imachita zimenezi ndi BitLocker, imene idabwera koyamba ndi Windows Vista.

Taganizani zimene zili mu laputopu ya shopu ngati yanuyo. Makalata ofunsira ntchito, zithunzi za ziphaso za unzika za anthu, masatifiketi, makalata a kukhoti, mwina ndi wilo ya gogo wina. Wakuba akaboola denga n'kutenga laputopu yopanda loko wotereyu, pasiwedi yanu ya Windows simuvutitsa ngakhale pang'ono. Amangomasula tizisikuluwu, kutulutsa disk, kuilumikiza ku kompyuta ina, zonse zili poyera. Disk ikakhala yotsekedwa ndi kiyi imene ili mu TPM, amene waitulutsa amangoona zinyalala zosawerengeka. Akayesa kudzutsa laputopuyo ndi fulashi yake, mfundo zija zimasintha ndipo TPM imaumira ndi kiyi. Apa mlondayu ndi wanu, akulondera katundu wanu.

Koma ndi mlonda wosadziwa nkhope ya bwana wake. Chaka china kudabwera bambo wina kumene ndimagwira ntchito, laputopu ili m'jumbo yakuda. Anali msungichuma wa kagulu ka alimi, ndipo maakaunti a zaka zitatu anali mmenemo. Magetsi atabwera ndi mphamvu bolodi lidapsa, munthu wina n'kuwaikira bolodi lina lochokera mu laputopu yofanana nayo. Ntchito adaigwira bwino, makina adayaka. Koma bolodi latsopano ndiye kuti TPM yatsopano, ndipo TPM imeneyo sinkadziwa kanthu za kiyi ya disk yawo. Pa sikirini padangobwera buluu ndi kabokosi kofuna recovery key, manambala 48 aja. Ndidawafunsa kuti imelo imene adalowera nayo tsiku loyamba inali ya ndani. Sankadziwa kuti pali imelo. Mnyamata wa pashopu pamene adagula ndiye adawakonzera zonse, ndipo pofuna kufulumira adaika imelo yake. Mnyamatayo anali atapita ku Joni. Tidamupeza pa WhatsApp patatha milungu iwiri, koma pasiwedi adaiwala, ndipo nambala imene adatsegulira imeloyo idafa kalekale. Disk inali yamoyo bwinobwino, fayilo iliyonse ili mmenemo. Bambowo adakhala pabenchi nthawi yaitali akuyang'ana kabokosi kaja, kenaka adandifunsa ngati pali wamkulu wina woposa ine amene angatsekule. Palibe, ndipo n'chimodzimodzi kwa wakuba ndi kwa mwini wake.

Nkhani imeneyi ikukukhudzani chifukwa kuyambira pa Windows 11 ya 24H2, kompyuta imene yangoikidwa Windows mwatsopano, munthu n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft, nthawi zambiri imadzitsekera yokha disk osakufunsani, n'kusunga manambala ajawo mu akauntiyo. Ngakhale makampani akuluakulu adamva kuwawa kwake. Pa 19 Julaye 2024 pulogalamu ya chitetezo ya kampani ya CrowdStrike idagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse, ndege n'kuima m'mabwalo. Mankhwala ake anali apafupi, kufufuta fayilo imodzi basi, koma kuti aifikire fayiloyo amisiri ankayenera kukhala ndi manambala 48 a kompyuta iliyonse yotsekedwa ndi BitLocker payokhapayokha, ndipo ena adapeza kuti adawasunga pa seva imene nayonso idagwa.

Tsopano tipite kumene mwana wanu wazitenga. Mu 1999 makampani a Intel, Microsoft, IBM, HP ndi Compaq adapanga mgwirizano wotchedwa Trusted Computing Platform Alliance, umene mu 2003 udasanduka Trusted Computing Group, bungwe limene limalemba malamulo a TPM mpaka lero. Chaka chomwecho cha 1999 ndicho Napster idayamba kugawitsa nyimbo zaulere pa intaneti, ndiponso ndicho mnyamata wa zaka 15 wa ku Norway, Jon Johansen, pamodzi ndi anzake adatulutsa pulogalamu yothyola loko wa ma DVD. Makampani a nyimbo ndi a mafilimu mitima inali m'mwamba. Mu 2002 phungu wina wa nyumba ya Seneti ku America, Fritz Hollings wa ku South Carolina, adabweretsa bilu yofuna kuti chipangizo chilichonse cha digito chogulitsidwa m'dzikomo chizikhala ndi njira yoletsa kukopera. Bilu imeneyi sidadutse, koma anthu adayamba kutchula kachipu katsopanoka kuti "Fritz chip". Ndipo chaka chomwecho Microsoft idalengeza ntchito yotchedwa Palladium: chipinda chotsekedwa m'kati mwa kompyuta, mmene mapulogalamu ena azigwirira ntchito mosafikiridwa ndi mapulogalamu ena onse, ngakhale ndi mwini kompyutayo. Munthu woona zonsezi zikubwera nthawi imodzi sakadalakwa kukayikira.

Awiri amene adafuula kwambiri anali Richard Stallman, woyambitsa gulu la mapulogalamu aufulu, amene adati dzina loyenera ndi "treacherous computing", kutanthauza kompyuta yokupereka kwa adani, ndi Ross Anderson wa pa yunivesite ya Cambridge, amene adamwalira mu 2024. Anderson ankakonda kukumbutsa anthu tanthauzo la mawu akuti trusted m'chinenero cha akatswiri a chitetezo, ndipo m'Chichewa mfundo yake imamveka bwino kuposa m'Chingerezi momwemo. Pali chodalirika, pali chodaliridwa. Chodalirika ndi chimene chaonetsa kuti sichingakugwiritse fuwa la moto. Chodaliridwa ndi chimene wangochipatsa kiyi, kaya n'chabwino kaya ayi, ndipo chifukwa chakuti kiyi chili nayo ndicho chingakupweteke. TPM ndi yodaliridwa. Funso limene Stallman ndi Anderson ankafunsa linali lakuti: yodaliridwa ndi yani, kuti iteteze ndani kwa ndani?

Yankho lili pa ntchito yachitatu ija, imene amaitcha remote attestation. M'kati mwa TPM iliyonse muli kiyi yachinsinsi imene idaikidwa ku fakitale, imene ngakhale inu mwini wake simungaione. Ndi kiyi imeneyi TPM itha kusaina chingwe cha mfundo chija n'kutumiza kwa munthu wakutali, ndipo iyeyo atha kutsimikiza kuti lipotilo lachokeradi ku kachipu kenikeni, silinasinthidwe panjira. Ndiye kuti kompyuta yanu itha kuuza kampani ina mapulogalamu amene mwadzutsira makina anu, ndipo inu simungaiuze kuti inene zina. Mutha kukana kutumiza lipotilo, inde, koma uko nawonso akana kukutsekulirani. Zili ngati mwalipira mlonda ndi ndalama zanu, chakudya akudya chanu, koma a landilodi akamufunsa kuti m'nyumbamu mwalowa ndani usiku, sangawanamize ngakhale inu mutamupempha. Mu 2003 bungwe la Electronic Frontier Foundation lidapereka ganizo lakuti mwini kompyuta, akakhala pamaso pa makina ake, azitha kulamula kachipuko kunena zimene iye akufuna. Ganizolo silidatengedwe, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: umboni umene mwini wake atha kuusintha ulibe phindu kwa amene akumukayikira mwini wakeyo.

Apa ndi pamene DRM imalowera. DRM ndi njira zimene eni nyimbo, mafilimu, mabuku ndi magemu amagwiritsa ntchito kuti chinthu chimene akugulitsani musachikopere, kapena musachione pamakina osaloledwa. Ili ndi vuto lobadwa nalo. Pa chitetezo cha masiku onse pamakhala anthu atatu: wotumiza, wolandira ndi wakuba. Pa DRM wolandira ndi wakuba ndi munthu mmodzi yemweyo, inuyo. Kuti muone filimuyo ayenera kukupatsani filimu yotsekedwa pamodzi ndi kiyi yake, koma kiyiyo musaigwire. Pa kompyuta imene inu mumailamulira yonse zimenezi sizitheka, munthu wochenjera amaipeza ndithu kiyiyo. N'chifukwa chake makampani amafunitsitsa kangodya kena m'makina anu kamene inu simungalowemo. Atalephera kupeza kangodya kameneka, ena adayesa kukathyola okha. Mu 2005 katswiri wina, Mark Russinovich, adatulukira kuti ma CD ena a nyimbo a Sony BMG ankaika mobisa pulogalamu yodzibisa m'kati mwa Windows, imene idatsekulanso khomo loti mavairasi abisalemo. Anthu amene adavutika anali amene adagula CD yeniyeni ndi ndalama zawo.

Nanga Palladium idathera kuti? Dzina adalisintha mu 2003, ndipo mmene adailonjezera sidatuluke. Chimene chidatsala ndi BitLocker ndi zina zazing'ono. TPM yokha idapezeka kuti ndi yochedwa kwambiri kuti izimasulira filimu ikuseweredwa. Ndipo kumbali ya nyimbo DRM idagonja pamsika: mu 2009 Apple idachotsa maloko pa nyimbo zogulitsidwa pa iTunes. Choncho apa mwana wanu walakwitsa. Nyimbo za kwaya zimene mudakabanitsa pamsika, mafilimu a pa fulashi, zonse ziseweredwa bwinobwino TPM ili yoyaka. Windows 11 sifunsa TPM kuti fayilo iyi yachokera kuti, ndipo ngakhale ikadafunsa, kachipuko sikakadadziwa.

Koma maloto a makampani aja sadafe, adangosamukira kumene anthu sankayang'anako. Pafupifupi foni iliyonse ya Android ili ndi chipinda chotsekedwa m'kati mwa purosesa, zambiri zogwiritsa ntchito luso la ARM lotchedwa TrustZone. Mmenemo ndimo mumasungidwa chidindo cha chala chanu, zimene n'zabwino. Mmenemonso ndimo mumakhala Widevine, DRM ya Google imene Netflix ndi anzake amagwiritsa ntchito. Foni imene chipinda chake chidavomerezedwa imakhala pa mulingo wa L1 ndipo imalandira chithunzi chowala bwino. Imene sidavomerezedwe imakhala pa L3, ndipo imapatsidwa chithunzi chotsika ngakhale mutalipira ndalama zofanana ndi mnzanu. Chingwe cha HDMI chili ndi loko wakenso wotchedwa HDCP, ndipo nthawi zina ndi ameneyu amachititsa kuti pulojekita yakale ingoonetsa mdima filimu ikayamba. Dekoda ya DStv ndi khadi lake ndi chitsanzo chimene tonse timachidziwa: bokosilo mudagula ndinu, koma limamvera ku likulu. Kusiyana kwake n'kwakuti dekoda palibe amene adaiyesapo kompyuta yake yosungiramo moyo wake wonse.

Umboni wakutali uja nawonso uli m'foni tsiku ndi tsiku. Google ili ndi njira yotchedwa Play Integrity, imene pulogalamu ya banki kapena gemu imafunsira ngati foniyo ikuyendera Android yovomerezeka, yosatsekulidwa. Mukapita nayo kwa anyamata ofulasha mafoni n'kuitsekula kapena kuikamo Android ina, musadabwe pulogalamu ya banki ikakana kuyaka. Mabanki ali ndi chifukwa chomveka, chifukwa mbava zimagwiritsadi ntchito mafoni osinthidwa. Koma taonani chimene chimachitika: foni yakale imene yatha zaka osalandira zigamba za chitetezo kawirikawiri imadutsa mayesowa, pamene foni imene mwini wake waiikira Android ina yosamalidwa bwino, monga LineageOS kapena GrapheneOS, imakanidwa. Mayeso oterewa sakuyeza ngati foni ili yotetezeka, akuyeza ngati ikumverabe amene adaipanga. Pa kompyuta zayambanso pang'onopang'ono. Gemu ya Valorant pa Windows 11 imakana kuyamba ngati TPM 2.0 ndi Secure Boot, imene imaletsa mapulogalamu osavomerezeka kudzutsa kompyuta, zili zozima, pofuna kuthana ndi obera pamasewera. Ndipo mu 2023 akatswiri a Google adapereka ganizo lotchedwa Web Environment Integrity, loti mawebusayiti azitha kufunsa umboni womwewu asanakutsekulireni tsamba. Opanga mapulogalamu otsekulira mawebusayiti a Firefox, Brave ndi Vivaldi adakana, anthu adachita phokoso, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ganizolo lidasiyidwa. Ine sindikhulupirira kuti lidasiyidwa mpaka kalekale.

Ndisaoneke ngati ndikunena kuti loko aliyense wokhala m'manja mwa wina ndi woipa. Mafoni a ngongole amene amadzitseka mukaphonya kulipira, ndi masola olipira pang'onopang'ono amene amazima tsiku likakwana, ndi luso lomweli. Popanda loko ameneyu palibe amene akadapereka foni ya touch kwa mayi wogulitsa tomato wopanda chikole. Pamenepo mgwirizano uli poyera, ndipo uli ndi tsiku lothera: mukamaliza ngongole loko amachoka, chinthucho n'kukhala chanu. Chimene ndimadana nacho ndi loko wopanda tsiku lothera, pa chinthu chimene mudalipira kale ndalama zonse.

Zitsanzo zake zilipo. Mu Julaye 2009 Amazon idafufuta m'makina a Kindle a anthu mabuku awiri a George Orwell amene anthuwo adagula, itazindikira kuti wogulitsayo analibe chilolezo. Ndalama idabweza, n'kupepesa, koma anthu adaona ndi maso kuti buku limene lili m'manja mwawo litha kuchotsedwa ndi munthu wakutali. Mu 2019 Microsoft idatseka sitolo yake ya mabuku a pakompyuta, ndipo mabuku onse amene anthu adagula kumeneko adasiya kutseguka, nawonso n'kubwezeredwa ndalama. Amene ankaonera ma Blu-ray a 4K pa kompyuta ankadalira chipinda chotsekedwa cha Intel chotchedwa SGX. Intel itachichotsa m'mapurosesa ake atsopano a makompyuta a panyumba, madisiki enieni ogulidwa m'sitolo adasiya kuseweredwa pa makina atsopanowo, pamene amene adakopera filimu yomweyo mwakuba sadamve kanthu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa zinthu za DRM zonse ndi fodya wa pachala.

Chimene chimalimbitsa maloko amenewa si luso lokha koma lamulo. Ku America lamulo la DMCA la 1998 limaletsa kuthyola loko wa digito ngakhale chimene ukufuna kuchita kuseri kwa lokoyo chili chololedwa, ndipo maiko ambiri adatengera malamulo ofanana nalo kudzera m'mapangano a 1996 a WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zolemba ndi zopangapanga. Ndi lamulo limeneli limene lidafikitsa nkhaniyi kumunda. Alimi a ku America akhala akulimbana ndi John Deere chifukwa mathirakitala atsopano ena sakonzeka kwathunthu popanda pulogalamu imene ili ndi madila ovomerezeka okha, ndipo mu Januwale 2025 bungwe la boma la FTC lidasumira kampaniyo pa nkhani yomweyi. Anthu osaona nawonso amakumana nazo, pamene buku lotsekedwa likukana pulogalamu yowawerengera mokweza.

Za kutseka kompyuta ali ku America, TPM payokha singachite zimenezo. Koma popeza yanuyo ndi ya ku UK, pali china chofanana nacho choti musamale. Malaputopu ambiri otere adali a makampani ndi maofesi. Ena amabwera adakali olembetsedwa m'kaundula wa kampani yakaleyo kudzera mu Windows Autopilot, ndipo mukaikamo Windows mwatsopano n'kulumikiza intaneti, pamabwera tsamba lofuna imelo ya kampani imene simuidziwa n'komwe. Ena amakhala ndi pasiwedi pa BIOS, ena ali ndi pulogalamu yolondola makina obedwa yotchedwa Absolute kapena Computrace. Apanso vuto si kachipuko. Makinawo akumverabe bwana wakale amene sadawamasule.

Dandaulo langa lenileni pa Windows 11 ndi lina, ndipo likutigwera ife ogula zakale kuposa wina aliyense. Windows 11 idatuluka pa 5 Okutobala 2021 ikufuna TPM 2.0, komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Windows 10 idasiya kulandira zigamba zaulere za chitetezo pa 14 Okutobala 2025, ndipo anthu wamba adapatsidwa mwayi wolembetsa chaka chimodzi chowonjezera mpaka pa 13 Okutobala 2026. Makina ambirimbiri abwinobwino, otha kutayipa makalata zaka zina zisanu, adasanduka osayenera usiku umodzi. Kumene adachokera amawachotsa m'maofesi, ndipo mukudziwa kumene makontena ake amalowera. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i7, ndi yamphamvu", funsani m'badwo. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imanena, koma kuyambira m'badwo wa 10 muwerenge manambala awiri oyambirira: i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ilandira. i7-6600U ndi ya m'badwo wa 6, ndipo ngakhale muyatse TPM Windows 11 iikanabe.

Choncho musanalipire mnyamatayo, onani nokha. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani tpm.msc, dinani Enter. Ikakuuzani kuti TPM ilipo, yang'anani pamene alemba Specification Version. Ngati pali 2.0 ndiye kuti chokukanitsani ndi china, mwina purosesa. Ngati pali 1.2, malaputopu ena a Dell, HP ndi Lenovo amatheka kuwakweza kufika pa 2.0 ndi pulogalamu yochokera kwa opangawo, ena satheka. Ikanena kuti TPM sikupezeka, ndiye nthawi yolowa mu BIOS, pansi pa Security, kukayatsa PTT kapena fTPM. Ngati purosesa ili yakale, mnyamatayo akuuzani kuti ali ndi njira yodumphira mayesowo ndi pulogalamu ngati Rufus. Zimathekadi, ndipo ambiri akuyendera zimenezo, koma Microsoft sidalonjeze kuti makina otere azilandira zigamba mpaka kale, ndiye pa kompyuta yodyerapo ndalama ine ndimazengereza. Njira ina ndi kuika Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, zimene zimathamanga bwino pa makina akale, ndipo n'zaulere. Koma yambani mwayesa ngati printa yanu ikugwirizana nazo, komanso ngati makalata a Word a makasitomala akutseguka osasokonekera mizere mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa Word, chifukwa pa ntchito yanuyo zimenezi ndizo zimabweretsa nsima. Mwana wanuyo mwina asangalala kumva kuti Linux nayonso imatha kugwiritsa ntchito TPM yomweyo kutsekera disk, popanda Microsoft kulowererapo.

Tsiku lokonzalo likafika, yambani mwakopera mafayilo onse ofunika pa hard disk yakunja. Mnyamatayo asasankhe pamene alemba Clear TPM musanatsimikize ngati disk ili yotsekedwa kapena ayi, chifukwa batani limenelo limafufuta makiyi onse osungidwa. Ikafika pofunsa akaunti, mum'chotse pampando mukhalepo nokha, mulembe imelo yanu, yolumikizidwa ku nambala ya foni imene mukuigwiritsa ntchito. Zonse zikatha, lowani mu akaunti ya Microsoft ija, pezani recovery key, musindikize pa printa yanuyo mapepala awiri. Limodzi musunge kunyumba pamodzi ndi makalata a malo ndi makadi a kusikelo a ana, lina kwa munthu amene mumamukhulupirira. Musalisiye m'chikwama cha laputopu, ndipo musalisunge ngati fayilo m'laputopu momwemo.